Ulendo wa pa sinowo wopita ku Dream Lake ndi alamu anga

Pa mapu, njira yochokera ku Bear Lake kukafika ku Emerald Lake sikwana n'komwe makilomita atatu. Munthu wokulira kumudzi, amene ankayenda mtunda woposa pamenepa m'mawa uliwonse popita kusukulu, akamva zimenezi amaseka. Alamu anga anasekadi. Anali atabwera kuchokera ku Lilongwe kudzationa kuno ku Colorado mwezi wa January, ndipo ataona zikwama zitandandalikidwa pakhomo usiku woti mawa tinyamuka, anandifunsa kuti, "Koma alamu, makilomita atatu okhawo mpaka katundu yenseyu?" Mtundawo ndi waufupidi, sananame. Zimene zimagwetsa munthu kumeneko ndi kukwera kwa malowo, mphepo, komanso zimene zimachitika m'thupi ukangoti uime.

Malowa ali mu Rocky Mountain National Park, paki imene boma la America linakhazikitsa mu 1915. Kuchokera ku Denver ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pa galimoto, kudzera ku Boulder ndi Lyons mpaka m'tauni ya Estes Park. Mukalowa pa geti ya Beaver Meadows mumakhotera kumanzere, mu Bear Lake Road, n'kuyenda makilomita pafupifupi 15 mpaka pomwe msewuwo wathera, pa Bear Lake. Msewu umenewu amaupalasa sinowo nyengo yonse yozizira, pomwe Trail Ridge Road, wotchuka uja wodutsa pamwamba pa mapiri, amautseka. Kuchokera poimika magalimoto, tinyanja titatu tandondozana chokwera: Nymph Lake pa mamita 800, Dream Lake pa makilomita 1.8, ndi Emerald Lake pa makilomita 2.9. Ndi tinyanja ting'onoting'ono, musayembekeze Nyanja ya Malawi.

Manambala amene alamu anga anayenera kuwaopa ndi ena. Pomwe mumasiya galimoto pali pa mamita pafupifupi 2,890 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Dream Lake ili pa mamita pafupifupi 3,020. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene palibe malo ena oiposa m'Malawi monse, ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti munthu amene wakhala pa mwala m'mbali mwa Dream Lake n'kumamwa tiyi wapitirira kale Sapitwa, chonsecho mapiri enieni akadali pamwamba pake: Hallett Peak pa mamita 3,875 ndi Flattop Mountain pa mamita 3,756. Ku Sapitwa umakwera ndi miyendo, thupi likuzolowera pang'onopang'ono. Kuno galimoto imakunyamula ku Denver, pa mamita 1,609, n'kukakutula pamwamba m'mawa umodzi. Pa msinkhu wa mamita 3,000, ukakoka mpweya kamodzi umapeza okosijeni wokwana pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a amene ukanapeza kugombe la nyanja yamchere. Lilongwe ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono chabe. N'chifukwa chake mlendo wanu akangotsika ndege musathamange naye kumapiri. Ayambe wagona masiku angapo ku Denver, azimwa madzi ambiri, mowa aupumitse.

Tinapita anthu atatu. Wachitatu anali mnzanga wakuntchito, mayi wobadwira kuno ku Colorado, amene anayamba kuyenda m'mapiri amenewa ali mwana. Ngati muli ndi munthu wotere pafupi, mupempheni, ndipo petulo mulipire ndinu. Nzeru zambiri zili m'nkhani ino ndinazitola kwa iye.

Ma snowshoe tinabwereka pa shopu ina ku Estes Park. Mashopu obwereketsa alipo angapo, ndipo amalipiritsa pa tsiku. Kwa amene sanawaonepo: ndi zipalapasa zazitali zimene umamangirira kunsi kwa nsapato zako kuti thupi lisamire mu sinowo. Eni nthaka akale a ku North America ankazipanga ndi mtengo wopinda n'kuluka pakati pake ndi zingwe zachikopa, moti zakalezo ukaziona pakhoma zimakhala ngati lichero lotalikirapo. Zamasiku ano ndi zachitsulo chopepuka kapena pulasitiki, ndipo kunsi zili ndi mano oluma ayezi. Chala chokha ndiye chimamangidwa, chidendene chimanyamuka momasuka. Wa mushopu adzakufunsani kulemera kwanu; musachite manyazi, ndipo muphatikizepo kulemera kwa chikwama, chifukwa saizi yake imatengera zimenezo. Nsapato mumabwera nazo nokha, ndipo zikhale buti zosalowa madzi. Bwerekaninso ndodo ziwiri, zija zili ndi kambale kunsi kuti zisalowe kwambiri.

Kuyenda nawo sikufuna sukulu. Umangotangadza miyendo pang'ono kuti lina lisaponde linzake. Chovuta n'kubwerera chambuyo: mchira wake umakodwa, n'kupezeka wakhala pansi. Ukafuna kutembenuka uzichita kuzungulira. Alamu anga anazigwira tisanatuluke n'komwe m'mitengo yoyamba.

Ndinene zoona pano, chifukwa obwereketsa ena sanena. Njira imeneyi imadutsa anthu ambiri, ndipo pakapita masiku sinowo watsopano asanagwe, imakhala yopondeka gwaa, yoterera. Tsiku lotero ma snowshoe amangolemera chabe; chothandiza ndi timaunyolo ta mano tokoleka pa nsapato, timene kuno amati microspikes. Koma sinowo akagwa usiku, kapena ukangopatuka pang'ono pa njira yopondekayo, mwendo umalowa mpaka m'bondo kapena m'ntchafu. Ife tinapita sinowo atagwa dzana lake, choncho ma snowshoe anagwira ntchito yake. Ine masiku ano ndimanyamula zonse ziwiri, n'kukaonera pomwepo. Amene amakakamira kuyenda ndi nsapato zokha pa sinowo wofewa amasiya maenje m'njira, ndipo maenjewo akauma usiku amabinya anzawo mapazi mawa lake. Sindiwakonda anthu amenewa.

Nkhani ya zovala ndiyo inatidyera nthawi. Kwathu kukazizira, mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu, nzeru ndi imodzi: vala chokhuthala. Alamu anga anatuluka m'galimoto atavala jinzi, malaya a thonje m'kati, juzi, ndi chijekete chachikulu pamwamba. Jinziyo tinali titawaletsa kale kunyumba, koma anati buluku limene ndinawabwereka likuwathina. Mnzanga uja anawayang'ana n'kuwauza kuti avule chijeketecho achiike m'chikwama. Iwo anandiyang'ana ine. "Alamu, mayiwa akufuna ndifere kuno?" Chifukwa chake ndi ichi. Ukamakwera, thupi limatentha ndipo umatuluka thukuta ngakhale kunja madzi akuundana. Nsalu ya thonje imamwa thukutalo n'kulisunga. Ukaima, chinyezi chija chimayamba kukoka kutentha m'thupi mofulumira kwambiri, ndipo chijekete chimene chinakutulutsa thukutalo sichingakupulumutsenso. Choncho umanyamuka ukumva kuzizira pang'ono, chovala chokhudza khungu chikhale chaubweya kapena cha polisitala, pamwamba pake juzi yopepuka, ndiyeno kajekete kotchinga mphepo. Chijekete chofunda ndi chovala poima, ndipo umachivala nthawi yomweyo ukangoima, usanayambe kunjenjemera. Anavula monyinyirika. Jinzi inatsala, ndipo inadzatilipiritsa kutsogolo.

Tisananyamuke kunyumba tinaona zinthu zitatu pa intaneti. Choyamba ndi nyengo ya ku Bear Lake kwenikweniko, osati ya ku Denver kapena Estes Park, popeza kumazizira ndi madigiri 6 a Celsius kapena kuposa pa mamita 1,000 alionse amene wakwera. Kumbukirani kuti kuno amawerenga mu Fahrenheit: mukaona 32 ndiye kuti 0 kwathu, 14 ndi 10 kunsi kwa ziro, ndipo 0 wawo ndi pafupifupi 18 kunsi kwa ziro. Koma nambala imene ine ndimaiyang'anitsitsa ndi ya mphepo. Chachiwiri ndi lipoti la Colorado Avalanche Information Center, bungwe limene tsiku lililonse limalengeza za ngozi ya kugumuka kwa sinowo m'mapiri, pa masitepe asanu. Chachitatu ndi mmene msewu ulili. Sinowo akagwa, oyang'anira paki amatha kubweza galimoto zopanda matayala oyenera.

Pa geti salandira ndalama zapamanja, ndi khadi basi. Ife tinalipira madola 30 a galimoto pa tsikulo. Kuyambira mu January 2026 alendo osakhala ku America anawaikira ndalama yowonjezera m'mapaki angapo otchuka, ndipo iyi ili m'gulu lomwelo, choncho ngati mukutenga wachibale wochokera kumudzi, yang'anani mitengo musananyamuke. Chilolezo chosungitsiratu nthawi yolowera, chimene chimafunika m'chilimwe, m'nyengo yozizira kulibe. Mabasi a m'paki nawonso sayenda, ndiye Loweruka ndi Lamlungu poimika magalimoto pamadzaza m'mawa ndithu. Zimbudzi zili pomwepo poyambira, kutsogolo kulibe. Galu musiyeni kunyumba, saloledwa m'njira za m'pakiyi.

Chigawo choyamba chimakwera pang'onopang'ono m'nkhalango ya mapaini. M'mitengomo mphepo simumveka kwenikweni, timangoimva ikulira m'mwamba. Tinaona mapazi a kalulu wa kumeneko, amene ubweya wake umasanduka woyera m'nyengo yozizira. Alamu anga anafunsa za zimbalangondo, poti dzina loti Bear Lake limatanthauza nyanja ya zimbalangondo. Nyengo imeneyi zimakhala zitabindikira m'mapanga. Iwo ananyamuka ndi liwiro la munthu wothamangira minibasi, ndipo pasanapite nthawi anaima atagwira ndodo, akupuma mwawefuwefu. Mnzanga anawapatsa muyeso wosavuta: uziyenda liwiro loti ukhoza kumacheza osadukiza mawu. Ukalephera kumaliza chiganizo, ndiye kuti wathamanga.

Nymph Lake tinaipeza ili bwalo loyera lozunguliridwa ndi mitengo. M'chilimwe pamadzi pake pamadzaza maluwa akakombo, koma mu January sungadziwe kuti pansi pako pali madzi. Apa mpamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna aliyense achimve. Pa sinowo, njira imene ukuiona ndi mapazi a anthu amene adutsa iwe usanafike, ndipo ena mwa iwo anali osochera, ena ankakafuna pobisalira kuti ataye madzi, ena ndi akatswiri a ski, masewera otsetsereka pa sinowo ndi timatabwa kumapazi, opita kumalo oti iwe sungafike. Kuchokera pa Nymph Lake mapazi anagawikana patatu. Zikwangwani zina zimakwiririka, ndipo njira ya m'nyengo yozizira simalondola ya m'chilimwe paliponse. Mnzanga anatulutsa mapu a pepala, ife tinafananiza ndi mapu amene ndinali nditasunga mufoni ndili kunyumba, popeza netiweki kumeneko imabwera n'kupita. Musatsate mapazi chifukwa choti ndi ambiri.

Kuchoka pa Nymph kupita ku Dream Lake ndiye pamakwera ndithu, ndipo pali malo pomwe njira imadutsa m'mbali mwa phiri, kumanzere kuli kotsetsereka. Pamenepo mitengo imatseguka n'kuona Longs Peak, phiri lalitali kuposa onse m'pakiyi, mamita 4,346, mutu wake wafulati. Tinadutsa mmodzimmodzi, ndodo zili kumtunda. Pafupi ndi Dream Lake pali mphambano yopita ku Lake Haiyaha. Nyanja imeneyi inatchuka kwambiri kuyambira mu 2022, pamene miyala inagumuka ku Chaos Canyon n'kusandutsa madzi ake obiriwira motuwa. Koma njira yake ya m'chilimwe imadula malo otsetsereka amene sinowo amatha kugumuka. Ongoyamba kumene ipitirireni.

Ndiyeno mphepo. Palibe amene anandikonzekeretsa mokwanira, ngakhale ndinauzidwa. Dream Lake ili pakamwa pa chigwa cha Tyndall Gorge, ndipo mphepo yochokera kumadzulo imawoloka mzere wa mapiri n'kutsika m'chigwamo mopanikizika. Tinangotuluka m'mitengo, yatimenya kumaso, itanyamula timibulu ta sinowo tobaya. Mitengo ya limber pine ya m'mbali mwa nyanjayo ndi yopotoka, yopendekera mbali imodzi, ndipo ukaima pamenepo sufunsanso chifukwa chake. Mphepo yomweyo imasesa sinowo pamwamba pa nyanja n'kusiya ayezi poyera, wakuda mobiriwira, wokhala ndi ming'alu yoyera yolowa pansi ndi timathovu ta mpweya togwidwa m'kati. Kutsogolo kuli khoma la Hallett Peak, longa lochita kudula ndi mpeni. Alamu anga, amene sasowa chonena, anangoti, "Mayo ine."

Anthu ambiri amawoloka pa ayezi pomwepo, ndipo m'katikati mwa nyengo yozizira njira yopondeka imadutsa pa nyanjayo. Ife tinayendapo m'mphepete. Oyang'anira paki salonjeza aliyense kuti ayezi ndi wolimba. Malo oopsa kwambiri ndi pomwe mtsinje umalowera ndi pomwe umatulukira, chifukwa madzi oyenda salola ayezi kukhuthala. Pafupi ndi miyala ndi zipika zotulukira pamwamba pamafookanso. Kumayambiriro kwa nyengo, mu November, ndi kumapeto kwake, mu April ndi May, ine sindipondapo. Musaunjikane pamodzi pojambula chithunzi.

Tinabisala kuseli kwa mwala waukulu kuti tidye. Tinavala majekete tisanatsegule chikwama cha chakudya, n'kukhala pa zikwama osati pa sinowo. Fulasiki ya tiyi wamkaka wa shuga wambiri inaposa chilichonse chimene tinanyamula. Mtedza wokazinga ndi mandasi amene mayi akunyumba anatiphikira zinayenda bwino. Chokoleti chinauma moti chikanathyola dzino, mpaka tinachifunditsa m'thumba. Madzi a m'botolo amayamba kuundana pamwamba, ndiye botolo umaliika chozondoka m'kati mwa chikwama kuti pakamwa pake pasatsekeke. Ludzu silimveka kukazizira, chonsecho mpweya wouma wa kumapiri umakumwa madzi pa kupuma kulikonse. Uzimwa ngakhale usakufuna. Mowa ayi: umakunamiza kuti wafunda pomwe ukutulutsa kutentha kudzera pakhungu. Mbalame zotuwa zotchedwa gray jay zinabwera mpaka pafupi ndi dzanja, zopanda mantha m'pang'ono pomwe. Kudyetsa nyama m'paki n'koletsedwa, ndiye zinangotiyang'ana ife tikutafuna.

Tili pomwepo ndinaona kuti alamu anga achepetsa nkhani. Ndasi lawo analisiya theka. Jinzi ija inali itanyowa kuyambira m'mawondo kutsika, pomwe anagwera kangapo, ndipo tsopano inali itauma gwaa ndi ayezi. Nditawafunsa anati ali bwinobwino. Mnzanga sanafunse ngati ali bwino. Anawafunsa ngati mutu ukupweteka, ngati akumva nseru, ndipo anawauza kuti avule golovesi agunditse chala chachikulu ndi chaching'ono. Anachita, koma movutikira. Mutu anavomera kuti ukugunda kuyambira pa Nymph Lake. Anthu akwathu, makamaka abambo, komanso makamaka pamaso pa alamu awo, savomera msanga kuti zawavuta. Funso loti "muli bwanji" lili ndi yankho limodzi lokha. Muzifunsa chinthu chenicheni.

Emerald Lake inali itatsala kilomita imodzi yokha, ndipo iwo ankafuna kukafika. "Alamu, ndachokera ku Lilongwe kudzabwerera panjira? Akunyumba ndikawauza chiyani?" Ndinawayankha kuti akawauze kuti anamwa tiyi pamwamba kuposa Sapitwa, palibe amene akawatsutse. Mutu wopweteka, kusafuna kudya ndi nseru pa msinkhu umenewu ndi zizindikiro za matenda a kumapiri, ndipo lamulo lake n'losavuta: zikayamba, usakwerenso. Ukaphatikiza ndi zovala zonyowa ndi mphepo, thupi limatha kuzizira kupyola muyeso, ndipo munthu wotero amayamba kulankhula mosokonekera, kupunthwapunthwa, n'kumakana kuti akudwala. Tinawaveka buluku lotchinga mphepo limene mnzanga ananyamula lapadera pamwamba pa jinziyo, masokosi ouma, ndi timapaketi totenthetsa manja m'magolovesi. Tinatembenuka tonse atatu. Zoti wina apitirire wina abwerere yekha sitinazikambe n'komwe.

Pali zina ziwiri zokhudza ife akhungu lakuda zimene timabuku ta kuno sitifotokoza bwino. Amalemba kuti khungu likayamba kuwonongeka ndi chisanu limafiira kenako kuyera. Pa ife kufiirako sikuoneka. Chimene umaona ndi malo otuwa ngati phulusa pamphuno, patsaya kapena m'makutu, olimba ukawakhudza, ndipo mwiniwake samva kanthu. Kumva kuwawa n'kwabwinoko. Dzanzi ndiye loopsa. Muziyang'anana kumaso pafupipafupi. Zikachitika musapake sinowo kapena kutikita. Fundani malowo ndi dzanja lofunda, zala zilowe m'khwapa, ndipo mukafika m'galimoto musaziike pakamwa pa hita zili dzanzi, mukhoza kupsa osadziwa. China ndi dzuwa. Ambiri timati ife sitipsa. Sinowo watsopano amabweza kuwala koopsa kwa dzuwa mpaka magawo 80 pa 100, ndipo kuwalako kumakula ukamakwera. Khungu likhoza kupirira pang'ono, koma maso alibe mtundu. Munthu woyenda tsiku lonse popanda magalasi a dzuwa amadzuka usiku maso akuwotcha, misozi ili chuchuchu. Valani magalasi ngakhale kuli mitambo, pakani mafuta oteteza kudzuwa, ndipo milomo musaiiwale.

Ku Emerald Lake ndinakafikako ulendo wina, tsiku lopanda mphepo yambiri, ndipo ndifotokoze kuti mudziwe chimene chili kutsogoloko. Mukawoloka Dream Lake mpaka kumapeto kwake, njira imakweranso m'mitengo, motsata chigwa, ndipo chigawo chimenechi n'chotsetsereka kuposa zonse zam'mbuyo. Nyanjayo ili pa mamita pafupifupi 3,080, m'chibeseni chimene madzi oundana akale anakumba, Hallett Peak kumanzere, nsonga zosongoka za Flattop Mountain kumanja. Pakati pa nsongazo pali ngalande zoimirira zodzaza sinowo. Yotchuka ndi Dragon's Tail, ndipo mukhoza kuona timadontho ta anthu tikukwera mmenemo ndi ma ski kumsana. Aoneni muli kutali. Sinowo amagumuka kwambiri pa malo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo sikuti uchite kukwerapo kuti akupeze. Kuima kunsi kwake n'kokwanira. Colorado ndi boma limene lataya anthu ambiri pa ngozi zimenezi kuposa boma lina lililonse la America. Imani kum'mawa kwa nyanja, komwe njira imafikira, jambulani, bwererani. Kutsidya, patsinde pa makoma, n'kwa anthu onyamula zida zofufuzira munthu wokwiririka ndipo anaphunzira kuzigwiritsa ntchito.

Kutsika n'kofulumira, koma ndi pomwe anthu amagwa kwambiri, miyendo itatopa ndiponso mtima uli kale kugalimoto. Pindani mawondo pang'ono, pondani kuti mano a kunsi alume, ndodo zitsogole. Otsika amapatukira okwera, ndipo mukamva wa ski akukuwa kumbuyo, imani m'mbali. Mu January dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, koma chifukwa mapiri ali kumadzulo, mthunzi umafika m'chigwamo kale kwambiri, ndipo ukangofika kuzizira kumaluma nthawi yomweyo. Ife tinagwirizana tisananyamuke kuti ikakwana 1 koloko tibwerera kulikonse komwe tili. Aliyense anali ndi tochi yapamutu ngakhale sitinaigwiritse ntchito. Foni yanga inali m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi. Ya alamu anga, imene inali panja nthawi yonse ikujambula, inazima batire ikuonetsa kuti yatsala theka. Kunyumba tinasiya titanena njira imene tikupita ndi nthawi yoti akapanda kutimva aimbe 911, nambala ya kuno yoitanira thandizo pangozi.

Ngati mulibe mnzanu wodziwa mapiri, m'miyezi yozizira oyang'anira paki amakonza maulendo a ma snowshoe otsogolera okha, olembetseratu. Kapena yambani ndi kuzungulira Bear Lake yokha, mtunda wosakwana kilomita imodzi, pafupi ndi galimoto, muone mmene thupi likuchitira. Ana ang'ono ndi akuluakulu a vuto la mtima kapena mapapo, ine ndingathere pamenepo, ndipo a vuto la mtimawo ayambe afunsa adokotala. Amene ali ndi matenda a magazi a siko selo, ngakhale ongotengera mbali imodzi, afunsenso asanakwere, chifukwa kuchepa kwa okosijeni pa msinkhu wotere kumatha kuutsa mavuto.

Pofika ku Estes Park, pa mamita pafupifupi 2,300, alamu anga anali atayambiranso kulongolola. Tinapeza gulu la elk, mbawala zikuluzikulu za kuno, litagona m'mbali mwa msewu, ndipo iwo ankafuna kutsika kuti ajambulitse pafupi. Lamulo la paki ndi kutalikira mamita 23, ndiye anajambula ali pawindo. Tinabweza zida, tinamwa supu wotentha, ndipo pofika ku Lyons mutu unali utasiya. Kawirikawiri zimatero, kutsika ndiwo mankhwala ake. Koma mutu ukapitirira mutatsika, kapena munthu akayamba kusanza, kudzandira, kusokonezeka, kutsokomola kapena kubanika ali chikhalire, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala usiku womwewo, ndipo mukawauze adokotala malo amene munafika, nthawi imene munakhalako, ndi tsiku limene mlendoyo anafika ku Colorado.